Makochi a m'makomboni a Lusaka: luso lophunzirira pomwe pali ntchito

Munthu woyenda mu msewu wa Alick Nkhata, pamene umadutsa m'mbali mwa Kalingalinga, amayamba kuona katundu asanaone anthu: mageti achitsulo, mafelemu a mawindo ndi a zitseko, mabedi, makabati, mbaula. Kuseri kwa katunduyo kuli amisiri owotcherera ndi opala matabwa, ndipo pambali pa mmisiri aliyense pamakhala mnyamata mmodzi kapena awiri. Wina wagwira chitsulo kuti chisasunthe, wina akusalaza thabwa ndi sandipepa, wina watumidwa kukagula ndodo zowotcherera. Ambiri mwa anyamatawa sali m'kaundula wa koleji iliyonse. Komabe pakapita zaka zingapo, ena mwa iwo amakhala ndi makina awo, makasitomala awo ndi anyamata awoawo oti aziwaphunzitsa.

Kumayadi ndi m'mahotela a mumzinda womwewo, mabanki, makampani a foni ndi mabungwe akuluakulu amalipira ndalama zambiri kuti mamanijala awo akhale ndi kochi, munthu wokumana naye kamodzi pa sabata kapena pamwezi n'kumakambirana za momwe akugwirira ntchito. Kunja zimenezi zinasanduka bizinesi yaikulu. Bungwe la International Coaching Federation, lomwe linayamba mu 1995, linawerengera mu 2023 kuti padziko lonse pali makochi otere oposa 100,000, ndipo ndalama zimene amapeza pachaka zimaposa madola 4 biliyoni. Funso loyenera kufunsa ku Lusaka, kumene anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amakhala m'makomboni, ndi lakuti m'zimenezi muli chiyani chothandiza wowotcherera wa ku Kalingalinga, nesi wa ku Chawama kapena mayi wa kantemba ku Matero. Yankho lake ndi lakuti muli zambiri, ndipo zochuluka mwa izo anthu a m'makomboni akuzichita kale popanda wowathandiza.

Ukochi wa pantchito unachokera kumasewera. Mu 1974 mphunzitsi wa tenisi wa ku America, Timothy Gallwey, analemba kuti wosewera amasokonezeka kwambiri ndi mawu a m'mutu mwake omwe, mawu amantha ndi odzidzudzula, ndipo mphunzitsi wolankhulitsa amangowonjezera phokosolo. Iye anaona kuti kufunsa wophunzira kuti waona chiyani pamene mpira umabwera kumathandiza kuposa kumuuza zinthu khumi zoti akonze. Mngelezi wina yemwe kale ankachita mipikisano ya galimoto, Sir John Whitmore, anatengera maganizowa m'maofesi ndipo mu 1992 anatulutsa buku lomwe linafalitsa njira ya mafunso anayi. Kochi amafunsa munthu chimene akufuna kukwaniritsa, kenako pamene zinthu zili lero, kenako njira zimene zilipo, ndipo pomaliza chimene achite ndi tsiku lake. Akakumananso, amayambira pa lonjezo lija.

Mphamvu ya njirayi ili pa kubwereranso. Phunziro la m'kalasi limatha tsiku lopereka masatifiketi, pamene kochi amabwera sabata yamawa kudzaona ngati zinatheka.

Anthu a ku Mtendere amaudziwa bwino ubale woterewu. Esther Phiri, yemwe anasiya sukulu ali wamng'ono n'kumagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, anayamba nkhonya pamalo a achinyamata a Africa Directions m'komboni momwemo. Anthony Mwamba atamuona anamutenga n'kumusula tsiku ndi tsiku mpaka anakhala katswiri wodziwika padziko lonse. Palibe amene angaganize zoti wankhonya aphunzire luso lake pa semina ya masiku atatu. Koma eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi ogwira ntchito zachipatala nthawi zambiri amapatsidwa zomwezo: chipinda cha m'loji, pepala lalikulu pakhoma, chakudya chamasana, alawansi, basi.

Pali umboni wosonyeza kuti njira ziwirizi sizibala zipatso zofanana, ndipo wina unachokera kumalo ofanana kwambiri ndi komboni ya Kanyama. Ku Dandora, komboni ya mumzinda wa Nairobi, ofufuza atatu, Wyatt Brooks, Kevin Donovan ndi Terence Johnson, anagawa azimayi a mabizinesi ang'onoang'ono m'magulu. Ena anapita kukalasi ya zamalonda. Ena anawalumikiza ndi mayi wa m'dera lomwelo amene anakhalitsa pabizinesi yofanana nayo ndipo zikumuyendera. Zotsatira, zomwe zinasindikizidwa mu 2018, zinali zakuti a m'kalasi anasintha pang'ono kalembedwe ka mabuku koma phindu silinakwere, pamene olangizidwa ndi mnzawo phindu lawo linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti. Chimene chinathandiza kwambiri sichinali chiphunzitso chakuya. Anali mauthenga a pamalopo: kumene katundu akupezeka motchipa, ndi kagulidwe kake. Aliyense amene analawirirapo ku Soweto Market kukapikula tomato akudziwa mtengo wa uthenga wotere.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso mbali yowawa. Wolangiza ndi wolangizidwa atasiya kukumana, phindu lija linayamba kubwerera pakale.

Ku Lomé, m'dziko la Togo, kafukufuku wina wa mabizinesi pafupifupi 1,500, wosindikizidwa mu 2017, anayerekeza maphunziro a masiku onse a zamalonda ndi maphunziro olimbikitsa munthu kuyamba yekha zinthu, kuganiziratu zamtsogolo ndi kupirira zopinga. Magulu onse awiri ankayenderedwa ndi mphunzitsi pabizinesi pawo kwa miyezi ingapo. M'zaka ziwiri, phindu la gulu lachiwirilo linakwera ndi 30 peresenti, pamene kukwera kwa loyambalo kunali kochepa moti sikukanadaliridwa. Choncho kuyendera munthu pakokha sikokwanira. Zimene kochi amadzutsa mwa munthuyo zimawerengedwa.

Apa ndi pamene mmisiri wa m'komboni ali ndi mphamvu komanso chofooka. Mphamvu yake ndi yakuti amaphunzitsa pa ntchito yeniyeni, ya kasitomala amene akudikira, ndipo cholakwa chimaoneka nthawi yomweyo. Geti likapanda kutsekeka bwino, palibe chifukwa chodikira mayeso. Amaphunzitsanso zimene koleji siingathe: kutchula mtengo, kulandira dipoziti osaidya, kulankhula ndi kasitomala wokwiya, kudziwa sitolo ya ku Kamwala kapena ya m'tauni imene imakongoza. Mnyamata amabwera kudzera mwa amalume ake kapena mnzawo wa kutchalitchi, amatchula mmisiri kuti ba bosi kapena ba mudala, ndipo iye amamuitana kuti mwaice. Ubalewo ndi wa kholo ndi mwana, ndipo nthawi zambiri malipiro ake ndi nsima yamasana ndi kandalama ka sopo.

Chofooka chake n'chakuti amisiri ambiri amaphunzitsa momwe iwo anaphunzirira: ona, khala chete, ukalakwa ukalipiridwe pamaso pa anthu. Sipanala boyi wa pagalaja amatha chaka akutsuka zitsulo ndi kupereka zida asanaloledwe kutsegula injini. Ena amabisa dala mbali yomaliza ya luso poopa kuti mwana adzatsegula shedi yake tsidya la msewu n'kuwalanda makasitomala, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Luso limene limaperekedwa limalekezeranso pomwe mmisiri analekezera. Amene anaphunzira pa injini zakale amavutika ndi galimoto za ku Japan zodzaza ndi mawaya ndi kompyuta, ndipo wophunzira wake amatengera malire omwewo. Zoteteza maso ndi manja zimasowa kawirikawiri. Atsikana ophunzira m'masaluni ndi m'matelala amatha kusanduka antchito a pakhomo osalipidwa, ndipo ochepa amene amalowa kowotcherera kapena kugalaja amakumana ndi chipongwe chimene palibe wokachinenera.

Za kukalipa zija zinayezedwa. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zofufuza zambiri zokhudza kuuza wantchito momwe wagwirira, ndipo anapeza kuti pa malo oposa limodzi mwa atatu alionse, kumuuzako kunachititsa kuti ntchito iipireipire. Zimaipa makamaka pamene mawu alunjika pa munthu m'malo mwa ntchito. Kunena kuti "ndiwe chitsiru" kumatseka mutu. Kufunsa kuti "yang'ana mzere uwu, ukuganiza kuti moto unachuluka pati?" kumautsegula. Kusintha kumeneku sikufuna ndalama, ndipo ndi gawo la ukochi wa m'mahotela limene likanapindulitsa kwambiri m'mashedi. Mofananamo, kuyamikira kuli ndi mphamvu imene mabwana ambiri amaichepetsa. Ku Lusaka komweku, Nava Ashraf, Oriana Bandiera ndi Kelsey Jack anagwira ntchito ndi Society for Family Health pakati pa ometa ndi okonza tsitsi amene ankagulitsa makondomu achizimayi. Amene ankalandira nyenyezi pa tchati chopachikidwa m'saluni anagulitsa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene ankalandira ndalama zoonjezera.

Kusula timu ndi nkhani ina, chifukwa anthu aluso asanu sapanga okha timu yabwino. Chitsanzo chomveka chili ku Kanyama, dera la anthu oposa theka la miliyoni, lokhala pamiyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, pomwe madzi apansi ali pafupi ndipo nyumba zambiri zimadalira zimbudzi zokumba. Kale zimbudzi zikadzaza, ankazipopa ndi amuna ogwira mobisa, nthawi zambiri usiku, opanda magolovesi kapena mabuti, n'kukwirira zonyansazo m'dzenje pafupi pomwepo. Mu 2013 Kanyama Water Trust, mothandizana ndi kampani ya madzi ya Lusaka ndi bungwe la WSUP, inatenga ena mwa amuna omwewo n'kuwapanga timu yovomerezeka. Anaphunzitsidwa, anapatsidwa zovala zodzitetezera, migolo ya malita 60 ndi ngolo zokankha, ndipo zonyansazo zinayamba kupita kumalo ozisamalira. Ntchito yomweyo inafika ku Chazanga pambuyo pake.

Luso lotapa anali nalo kale. Chimene anafunika kuphunzira chinali kugwirira limodzi masana, anthu akuona: wina kudzenje, wina kumigolo, wina kutsuka malo akamaliza, onse kuvala zoteteza ngakhale kukutentha mu Okutobala, ndi kupereka lisiti. Zoterezi sizikhazikika ndi phunziro limodzi. Zimafuna woyang'anira wopita nawo, woona pamene njira yachidule yayamba kulowa, ndi wokhala nawo pansi kukambirana chimene chinavuta. Kufunika kwake kunaoneka pa kolera ya 2017 mpaka 2018, pamene Kanyama inaikidwa pa lamulo loletsa kuyenda usiku, ndiponso pa ya 2023 mpaka 2024, imene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno n'kusandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala.

M'zipatala nkhani ya timu imakhudza moyo mwachindunji. Zipatala za Matero ndi Chilenje, kenako za Chipata, Kanyama ndi Chawama, zinakulitsidwa ndi thandizo la Japan kuti zichepetse khamu lopita kuchipatala chachikulu cha UTH, ndipo mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000. Nyumba ndi mayina pa pepala la malipiro ndi chiyambi chabe. Nesi watsopano m'chipinda chochirira amafunika mzamba wamkulu woima naye pa odwala oyamba ovuta, ndipo amafunika kudziwa kuti akanena kuti walakwitsa sadzanyozedwa. Amy Edmondson wa ku Harvard anadabwa m'zaka za m'ma 1990 atapeza kuti matimu a m'chipatala otsogoleredwa bwino ndi amene ankalemba zolakwa zambiri. Anazindikira kuti sankalakwa kuposa anzawo, koma sankaopa kuulula. M'malo mwathu, momwe mwana sayankha wamkulu ndipo wantchito wamng'ono amaweramitsa mutu pamaso pa sisita wamkulu, ntchito yoyamba ya kochi wa timu ndi kutsegula pakamwa pa wamng'onoyo popanda kugwetsa ulemu wa wamkulu. Njira yodalirika ndi yakuti wamkuluyo ayambe ndiye kufunsa maganizo, ndipo woyamba kulankhula asalangidwe.

Kusula gulu, anthu osagwira ntchito imodzi koma okumana ndi mavuto ofanana, ndi kumene Zambia ili ndi mbiri yaitali kuposa momwe ambiri amaganizira. Aphunzitsi anayamba mu 2005, ku Central Province, njira yochokera ku Japan yokonzera phunziro limodzi: amakhala pansi n'kulemba, mmodzi amakaphunzitsa anzake akuonerera, amakambirana pamene ana anasokonezeka, amakonza, n'kukaphunzitsanso. Njirayi inafalikira m'zigawo zonse. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, makalasi a m'makomboni anadzaza kwambiri, ndipo aphunzitsi oposa 30,000 olembedwa chaka chimenecho anafunika anzawo owagwira dzanja. Ku komboni ya George, ntchito ya zaumoyo imene inayamba mu 1997 ndi thandizo la bungwe la ku Japan la JICA inasula anthu odzipereka a m'deralo kuti azipima ana sikelo m'madera mwawo, kulangiza amayi za kadyedwe ndi kutsogolera zaukhondo, ogwira ntchito pakiliniki akuwayendera. Gawo lachiwiri linafika ku Kanyama, Chawama, Mtendere, Chipata ndi Ng'ombe. Ndipo pansi pa zonsezi pali magulu a chilimba ndi mabanki a m'mudzi, momwe amayi amafunsana poyera kuti ngongole inapita kuti ndipo bizinesi ikuyenda bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu lotere limachita ntchito ya kochi pamtengo wochepa kwambiri, malinga pali wotsogolera wodziwa kupereka mpata kwa ofatsa ndi kuletsa olankhulitsa.

Komabe ukochi uli ndi malire, ndipo owugulitsa sakonda kuwatchula. Ku Uttar Pradesh, m'dziko la India, kafukufuku wamkulu wotchedwa BetterBirth anatumiza makochi m'zipatala 60 kuti athandize azamba kutsatira mndandanda wa WHO wa uchembere wabwino, n'kuziyerekeza ndi zipatala zina 60. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti azamba anayambadi kutsatira njira zambiri zoyenera, koma imfa za amayi ndi makanda sizinachepe. Kochi sangalowe m'malo mwa magazi, ambulansi kapena dokotala wa opaleshoni. Ku Lusaka chaka cha 2024 chinaphunzitsa zomwezo. Chilala chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku, ndipo owotcherera, ometa ndi osoka ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira maola ochepa amene kampani ya magetsi ya ZESCO yapereka. Mafunso anayi a Whitmore angathandize munthu kusankha pakati pa jenereta, sola ndi kusonkherana ndi anzake, koma sangayatse makina. Pali ngozi yeniyeni yakuti bwana kapena bungwe lingagwiritse ntchito mawu okoma a ukochi pouza wantchito kuti vuto lili m'maganizo mwake, pamene vuto ndi malipiro ochedwa ndi zida zosowa. Zikatero ukochi wasanduka chinyengo.

Malire ena ndi a ndalama. Alangizi ambiri a m'makomboni, monga a atsikana pa pulogalamu ya DREAMS ndi othandiza anzawo kumwa ma ARV, ankalipidwa ndi ndalama zakunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ambiri anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo maubale omangidwa kwa zaka anaduka m'masiku ochepa. Odzipereka osalipidwa nawonso amatopa, pakuti munthu wa ana sangakane pisiweki kuti akapime ana a ena kwaulere mpaka kalekale. Zimene zinaoneka ku Dandora, kuti phindu limatha ubale ukatha, ziyenera kuwopsa aliyense wokonza pulojekiti ya miyezi 18.

Ndalama za m'dziko muno zilipo. Kuyambira mu Januwale 2017 olemba anthu ntchito amalipira msonkho wa maluso wa 0.5 peresenti ya malipiro onse. Thumba la chitukuko la dera la phungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe, ndipo gawo lake limalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, imayesa amisiri ndipo ili ndi njira yovomerezera luso limene munthu anaphunzira kunja kwa kalasi. Zimenezi n'zabwino. Vuto ndi lakuti ndalama zimatsata koleji ndi mpando wa m'kalasi, pamene ogwira ntchito pafupifupi 7 mwa 10 m'dziko muno ali pa ntchito zosalembedwa, ndipo ambiri mwa iwo anaphunzitsidwa ndi munthu amene sanalandirepo ngwee ya uphunzitsi. Wachinyamata womaliza kosi ya miyezi ingapo pa basale ya CDF amapitabe kwa mmisiri wa mumsewu kuti manja akhwime, ndipo mmisiriyo amamulandira ndi ndalama zake, zitsulo zake zoonongeka ndi nthawi yake.

Ena amanena kuti kulowetsa boma m'mashedi kudzaononga chinthu chimene chikuyenda chokha, kubweretsa mafomu, misonkho ndi makadala. Nkhawayo ndi yomveka kwa aliyense wodziwa mbiri ya misika ndi masiteshoni a Lusaka. Koma chimene chikufunika si kulamulira mashedi. Ndi kusankha, kudzera m'mabungwe a amisiri eni ake ndi makomiti a chitukuko a mawadi, amisiri amene atulutsa kale ophunzira abwino, kuwapatsa maphunziro afupiafupi a luso latsopano ndi a kaphunzitsidwe, kuwalipira pa wophunzira aliyense wopambana mayeso a TEVETA, ndi kulemba kapepala ka mgwirizano konena kuti mwana aphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo akazunzidwa akadandaule kuti. Malipiro otere amachepetsanso mantha obisa luso, chifukwa wophunzira womaliza amakhala phindu kwa mmisiri osati mdani chabe. M'zipatala ndi m'masukulu, nthawi ya mzamba wamkulu kapena mphunzitsi wamkulu yoima pambali pa watsopano iyenera kulembedwa pa ndandanda ya ntchito, osati kufinyidwa pa nthawi yopuma.

Aphungu a Kanyama, Matero, Chawama ndi Munali, pamodzi ndi makomiti awo a CDF, ali ndi mphamvu yoyamba izi pa bajeti ikubwerayi popanda kudikira wothandiza wakunja. Apatule gawo la ndalama za maluso lipite kwa amisiri amene akuphunzitsa kale, ndipo chaka chikatha afalitse chiwerengero cha ophunzira amene ayesedwa ndi amene akudya ndi luso lawo.